Ng'azi Aperekeza Nkhanga

Padangokhala Nkhanga, amene adabisa mazira ake khumi m'tchire. Chaka chimenecho Ng'azi, kadyamazira wodziwika, adasintha mwadzidzidzi. Ankapereka moni chogwada, ankagawa ngumbi ulele, ndipo pamaliro ankayambirira kufika ndiye. Mbalame zidayamba kumutchula achimwene, koma Nkhanga adaona kuti zisa za abwenzi ake a Ng'aziyo zinkatsala makoko okhaokha.

Tsiku lina Ng'azi adamuitanira chakudya. Nkhanga atatsanzika, Ng'azi adanyamuka naye.

"Mlendo sabwerera yekha, achemwali. Ndikufikitsani pakhomo."

"Mulekeze pamphambano, achimwene, monga achitira onse."

"Inu n'kukhala mlendo wamba?" adatero Ng'azi akumwetulira.

Nkhanga adaganiza msanga. Kukana kukadaulula kuti chisa chili pafupi, kuvomera kukadaphetsa ana ake. Adatsogola, nadutsa tchire lakelo osacheuka, lilime la Ng'azi likulawa mphepo kumbuyo kwake, mpaka adafika pamchenga wa kumtsinje.

"Mazira ali pansi apa. Mundisungire, ndikamwe madzi."

Ng'azi adafukula msangamsanga. Mazira adalimodi, koma mwini wake adali Ng'ona, amene ankayang'anira ali m'bango.

Nkhanga adabwerera yekha, wopanda womuperekeza, napeza onse khumi akadali ofunda.