Seva Yangodzuka Kumene

Chala cha Alima chinali kale pa batani lofufutira. Tsamba la pa intaneti limene amapangira loji ina ya ku Nkopola limayenera kutsegulidwa tsiku lomwelo, koma chenjezo lofiira linakakamira pa sikirini: mawu amene seva, kompyuta yakutali yosunga tsambalo, yatumiza sakufanana ndi amene akuoneka pa kompyuta yake.

Mzere wovutawo unali moni wolandirira alendo, umene umasintha malinga ndi nthawi ya tsiku. Seva inkatumiza "Mwadzuka bwanji," koma tsamba likafika kwa iye linkasintha n'kukhala "Mwaswera bwanji." Bwana wa lojiyo anali atanena kale kuti, "Ngati ukuvuta, ingouchotsani. Alendo sadya moni."

Koma tsamba lopanda moni? Alima sanaleredwe choncho.

Foni inalira. Anali mwamuna wake Swadick, amene ankaphunzira ku Canada.

"Mwadzuka bwanji, mayi a Nadia?" Mawu ake anali akadali atulo.

Alima anasuzumira panja. Dzuwa linali litapendeka, ana akuthamangira ku madrasa.

"Taswera bwino, bambo," anayankha monga mwa masiku onse. Kenako anaphulika nako kuseka.

"Mukuseka chiyani?"

"Ndakupezerani mnzanu. Seva yathu ili kwanuko. Nayonso yangodzuka kumene."

Anachotsa chala pa batani. Pa mzere wokhawo analemba lamulo louza pulogalamu kuti isamadandaule nthawi ikasiyana. Kufiira kuja kunazimiririka.

"Ndiye linali vuto lanji?" anafunsa Swadick.

"Panalibe vuto. Kutalikirana basi. Tandipatseninso moni uja."