Utsi wa Patapata

M'mawa ndimasesa, kuchapa matewera, kenako kukaphikira mwana phala kutsidya kwa amayi, chifukwa kwathu anatiletsa moto.

Kuwala kwa makina a paphiri kumayeza utsi pamwamba pa denga lililonse, n'kudziwa wa nkhuni ndi wa pulasitiki. Mlamu wanga Nachisale anatentha majumbo, mphepo n'kukankhira utsiwo kwathu. Akomiti a m'mudzi, amene amalanga otentha pulasitiki, anadzathira madzi pamafuwa anga.

"Pepanitu alamu, mphepo ilibe chibale," anatero Nachisale akuseka.

Mwera utatembenukira kwawo, ndinayatsa patapata zanga kuseri kwa mpanda wawo.

"Alamu, lero mudyera kuti?" ndinamufunsa akomiti atathira madzi pamafuwa ake n'kuchoka.

Tsopano ndikuyenda chapansi, mwana akutsokomola, bambo ake sakundiyankhula. Ndikanakhala ndi patapata zina, ndikanatenthanso.