Nthungululu ya Amake Ketilina

"Mtsikana wochotsa mimba ndi wakupha! Mukandisankha, onse kundende!" anakuwa mkulu wofuna uphungu pa bwalo la sukulu ku Chiparamba.

Amayi analuluta. Mainess yekha anangoti duu, m'chiuno atamanga chitenje cha nkhope ya mkuluyo. Ndicho anafunditsa mwana wake Ketilina pa ngolo yopita kuchipatala, mtsikanayo atachotsa mimba mobisa. Kumudzi anauza anthu kuti mwanayo anafa ndi malungo.

Banga la magazi pa tsaya la nkhopeyo linakana sopo.

"Amake Ketilina, mwatani kodi?" anatero mnzake wa kutchalitchi, akumugunda ndi chigongono. "Lulutani, anthu akukuyang'anani!"

Mainess anaika dzanja pakamwa. Chimene chinatuluka chinali kulira kwa pamaliro, koma m'phokosomo palibe anasiyanitsa. Mnzakeyo anamwetulira, nayang'ananso kutsogolo.