Kalata ya Mwana wa Chidindo

Chidindo anawerenga mndandandawo kachitatu, chala chikuyenda pa pepala ngati chikusaka nsabwe mumsoko. Anthu khumi ndi awiri ndiwo anaitanidwa kuti adzayesedwe Lolemba pa ntchito yoyendera ukhondo m'misika. Dzina la mwana wake panalibe. Koma a kumtunda analipo asanu, mayina awo ali ndandanda ngati alendo odzadya pa ukwati wa eni.

Chidindoyu anali kalaliki wolandira makalata ku ofesi ya khonsolo. Anakhala zaka makumi awiri ndi zitatu pa mpando umodzi, mpaka mpandowo unaloweza mbuyo yake. Dzinali anamupatsa ndi anzake, poti akamenya chidindo pa kalata makapu ankavina m'chipinda chachitatu. Iye anali wa kumunsi, ndipo mabwana onse amene anawatumikira anali a kumunsi, mpaka chaka chatha pamene boma linatumiza mayi wa kumtunda. Ameneyo ankamutcha Gogoda, kutengera kulira kwa nsapato zake. Gogoda anabwera ndi nyimbo yakuti mu ofesi muno mulibe mtundu, tonse ndife dziko limodzi, ndipo mawuwo anawapachika pakhoma pamene kale pankakhala kalendala. Chidindo akawaona, tiyi ankamuwawira m'kamwa.

Mwana wakeyo anali ndi mapepala a sukulu okwanira bwino, koma anatha zaka zinayi akusokerera mabatani kwa telala. Kalata yofunsira ntchito anaiponya m'bokosi la pakhomo mwakabisira, kuopa kuti bambo ake ayamba kugwadira anthu. Nkhani inaululika m'mawa womwewo, amayi a mwanayo ataimbira Chidindo foni kuti mwana wakana kudya, akungolira. Ndiye taganizani, mwana yemweyu ndi amene anakwatiwa ndi mwamuna wa kumtunda, Chidindo atakana mpaka mawu kusasa. Anthu awa unawapatsa mwana, lero akumumana ntchito?

Chidindo anathothola mndandandawo pa bolodi, nalowa kwa Gogoda osagogoda.

Zimene analankhula m'menemo, zina sizoyenera kulemba. Anati dziko limodzi lakelo ndi bulangete lofunditsa a kumunsi kumutu, a kumtunda akudya. Anati kale ofesiyi inali ya anthu, lero yasanduka khola la abale. Anawerenga zaka zake pa zala, zala zitatha anabwereka za kumapazi. Anakumbutsa bwanayo kuti pamene iye ankayamba ntchito, ena anali asanadziwe kupukuta mamina. Mayi wotaipa ndi mlonda anali atafika kale pakhomo, wina atanyamula fayilo yopanda kanthu, winayo akupukuta chitseko choyera kale.

Gogoda anamusiya mpaka mpweya unamuthera. Kenako anakoka thireyi yodzaza makalata, naikankhira kutsogolo.

"Bambo, makalata onse amene anafika pa tebulo langa ndi awa. Pezani ya mwana wanu, ndiiwerenge pamaso panu."

Chidindo anapinda manja a malaya. Anafufuza kuyambira pamwamba kufika pansi, anyowetsa chala, abwereza kuyambira pansi. Anakutumula envelopu iliyonse ngati mwana wake wabisala m'katimo. Kalata panalibe. Pamenepo mkwiyo unachita kubadwanso mwatsopano. Anati akudziwa, yang'ambidwa. Anasuzumira m'bini, anasuzumira pansi pa tebulo, anatsala pang'ono kuuza bwanayo kuti aimirire aone chimene wakhalira. Analumbira kuti nkhaniyi ikafika ku likulu, ikafika ku wailesi, dziko lonse limve mmene a kumunsi akuponderezedwera m'nyumba ya boma.

Gogoda anangonena kuti mndandanda unatsekedwa ndipo unapita kale kwa oyesa, koma ngati pali kalata imene inasowa mu ofesi yake, iyenso akufuna adziwe mwini dzanja. Chidindo anaseka kuseka kwa munthu amene wagwira mbava ili ndi nkhuku kukhwapa. Anatulutsa foni, naimbira mwana wake, naikweza mawu kuti a pakhomo aja asavutike ndi kutchera khutu.

"Mwanawe, uza anthuwa. Kalata unaponya kapena sunaponye?"

"Ndinaponya, ababa. Lachiwiri la sabata yatha, m'bokosi la pakhomo."

"Mwamva? Yamera miyendo kodi?"

Anayang'ana mlonda, anayang'ana wotaipa, chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Gogoda anawerama pang'ono kuyandikira foni ija, nafunsa mofatsa ngati nesi.

"Mwanangu, kuseri kwa envelopu unalemba dzina lanji?"

Ku foni kunkamveka makina a telala.

"La amuna anga, mayi. Pepani. Ababa amanena tsiku lililonse kuti mu ofesimo masiku ano dzina la kumunsi silidutsa, ndiye ndinati ndiyese la kumtunda."

Dzina la mkamwini wa Chidindo kumtunda lili ngati mchenga, aliyense ndi lomwelo. Ndipo potsegula bokosi lija, makalata a mayina a kumtunda iye anangosiyako ochepa ophimba anthu m'maso. Ena onse, osawatsegula n'komwe, anawatentha yekha Lachisanu kuseri kwa ofesi, akutakasa moto ndi kamtengo kuti pasatsale ngakhale kangodya.