Zitheba Zokhota

Chitheba chachitatu chinali chokhotanso. Mayi Sefa anachigoneka pakathabwa koyezera, nachiponya m'dengu la zokanidwa osayang'ana mwini wake.

Mwini wakeyo anali mchimwene wawo weniweni, bere limodzi. Anaima tsidya la tebulo, chipewa chili m'manja, matumba khumi ndi awiri ali kumbuyo kwake.

Dzina la Sefa anawapatsa ndi alimi, ndipo silinali lachikondi ayi. Zaka zonse zimene anagwira mushedi yosankhira zitheba zopita kunja, chokhota sichinadutsepo m'manja mwawo.

Komabe kale zinali zofewerako. Mayiko a kutsidya kwa nyanja ankalandira zithebazo popanda msonkho. Kenaka kunabwera kalata yoti dziko lino latukuka, lizilipira ngati ena onse. Latukuka! Denga la shedi likudontha pomwe linkadontha, amayi osankha akubwerabe wapansi, koma eti latukuka.

Sabata yomweyo abwana anasonkhanitsa antchito. Anati kampani ipulumuka pokhapokha itamatumiza zitheba zoti wogula akaziona aiwale msonkho. Anabweretsa kathabwa katsopano, kokhwima kuposa kakale, ndi lamulo: mlimi wokanidwa katatu afufutidwe pamndandanda.

Mchimwene wawoyo anali atakanidwa kale kawiri.

“Achemwali, zangokhota pang'ono,” iye anatero motsitsa mawu. “Kukoma n'komweko.”

“Kunja sadya kukoma, achimwene. Amadya ndi maso.”

“Mukandifufuta ndizikagulitsa kuti? Munda wonse ndinadzala zomwezi.”

Mayi Sefa anamasula thumba lina, ndi linanso, akupemphera chamumtima. Mvula ya chaka chimenecho inali itazipotoza zonse. Amayi makumi asanu ndi limodzi apamatebulo maso awo anali pa iwo. Katoni imodzi yoipa ikafika kunja, abwana ankatero, nonsenu mukakhala kunyumba.

Mayi Sefa analemba mtanda wachitatu pa dzina la mchimwene wawo.

Mchimwene wawo sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangovala chipewa n'kutuluka, matumba n'kuwasiya pomwepo monga ankachitira alimi onse. Ndani angalipire galimoto yobwezera zinthu zokanidwa? Kampani, mwa chifundo chake, inkawatayira kudzala.

Mtima unawawawa Mayi Sefa. Anadziuza kuti apulumutsa ntchito za anzawo. Anadziuza kawiri, osamveka.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana anazemba n'kulowera kukhomo lakumbuyo, kumene osankha ankaletsedwa kupondako chifukwa cha ukhondo. Ankafuna kupempha matumba awiri okha asanatayidwe, kuti mlamu wawo akayese mwayi kumsika.

Anapeza dalaivala akukweza katundu mulole. Anali kung'amba makatoni a giredi yoyamba, aja ankawayala ndi manja awo ngati akugoneka khanda, n'kumakhuthula zithebazo pamulu.

“Aaa, bambo inu, mwapenga? Kubwalo la ndege akazilandira zili chonchi?”

Dalaivalayo anawayang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola.

“Ndege? Mayi, tinasiya kupitako mwezi womwe unabwera msonkho uja. Zonsezi n'za kufakitale ya zitini. Makina amangoduladula, sadziwa chokhota.”

Dalaivalayo ananyamula thumba la mchimwene wa Mayi Sefa n'kulikhuthulira pamulu womwewo.

“Abwana amati munda wawo waukulu ndi inuyo. Zimene mwakana, iwo amagulitsa osazigula.”