Kainjini ka pa Chikhatho

Mzime ankasita malaya a bambo ake pabalaza, khutu lili kuchitseko cha kuchipinda. Mkatimo kainjini kankalira: thi, thi, thi. Bola. Ndiye kuti akuluwo anali maso, kanthu kawo kali pa chikhatho.

Kainjiniko anakapanga okha ndi zivindikiro ziwiri za zitini, waya ndi kagudumu kopepuka ngati tsamba. Sikankamwa petulo. Mpweya wotsekeredwa mkati ukafunda pansi n'kuzizira pamwamba, unkakankha pisitoni, gudumu n'kumazungulira. Kutentha kwa dzanja la munthu kunali kokwanira, makamaka m'mawa. Masana kukatentha kankanyanyala.

"Kali ngati banja," ankatero iwo. "Wina akapsa mtima, mnzake azizizira. Akapsa onse, palibe chiyenda."

Ali mnyamata anapangapo yaikulu, yoyendera moto wa utuchi, yopopa madzi pafamu. Inkapopa tsiku lonse osadandaula. Koma kuidzutsa kunkatenga theka la ola, ndipo ataimangirira kuchigayo inangofwenthera n'kuima. Anthu anagula za dizilo. Iwo anatsala ndi dzina lokha: a Pisitoni.

Chiyambire kudwala kwawo, kanthu kosakoka katundu kaja kanapeza ntchito. Mzime sankafunikanso kusuzumira kuchipinda pafupipafupi, zimene zinkawakwiyitsa. Kakamalira, ali bwino. Kakakhala chete, agona kapena akufuna thandizo.

Lero linali tsiku la opaleshoni. Chotupa cha m'mimba chinali chitakula, ndipo adokotala ananena mosapsatira kuti kuchedwanso n'kuika moyo pachiswe. Kwa miyezi iwiri a Pisitoni anakana kwamtuwagalu. Akazi awo analowa m'chipinda chomwecho cha opaleshoni akuseka, sanatulukemo ndi mapazi awo. Koma dzulo, ana atawachonderera mpaka misozi, anangoti, "Chabwino, mwapambana."

M'mawa uno anadzuka ofatsa. Anameta ndevu. Anapempha madzi otentha kwambiri m'kapu yaikulu, poti tiyi anali atawaletsa. Kenaka anati awasiye okha pang'ono, apemphere.

Achimwene ake a Mzime analowa akugwedeza makiyi a galimoto yobwereka.

"Akonzeka?"

"Akupemphera."

"Ababa? Kupemphera? Chiyambire liti?"

"Musawaseke, achimwene. Munthu akuopa."

"Tilowe tiwanyamule. Ndikuwadziwa ine, angasinthe maganizo."

Mzime anaimika simbi n'kutchinga chitseko.

"Mwawakakamiza mokwanira. Simukumva? Ali phee ndi kanthu kawo. Apatseni mphindi khumi zokha."

Achimwenewo anamvetsera. Thi, thi, thi. Anapukusa mutu n'kukhala pampando.

Mphindi khumi zinakhala makumi awiri. Mzime anapinda malaya, analongedza sopo ndi thaulo m'chikwama, anaikamo ndi magalasi owerengera. Mtima sunali m'malo. Ndi iye amene anawagwadira dzulo. Akapanda kudzuka patebulo la adokotala, adzauza chiyani anthu? Adzadziuza chiyani yekha?

Kenaka anazindikira kuti kaphokoso kaja kasintha. Thi... thi. Kankakoka miyendo, ngati munthu wotopa pachitunda.

Anayang'ana achimwene ake. Nawonso anali atamva.

"Kamachita choncho kukatentha," anatero Mzime, koma kunja kunali chifunga, ndipo iye anali atavala juzi. Ankadziwa bwino lomwe: kanthuko kamafooka ngati zimene zili pansi pake zayamba kuzizira.

Thi.

Kenaka zii.

"Ababa?"



"Ababa!"

Mzime anathamangira kuchipinda. Dzanja lake linafika pachogwirira chitseko koma linakana kutembenuza. Anaona kale m'maganizo zimene zinali mkatimo: mutu utapendekeka, chikhatho chili chotambasula. Achimwene ake anamukankhira pambali n'kutsegula.

Bedi linali loyalidwa bwino, lopanda khwinya. Nsapato panalibe, ndodo panalibe, ndipo chitseko chakumbuyo chotulukira kumsewu chinali pululu.

Kainjini kanali patebulo, katakhazikidwa pamwamba pa kapu. Mzime anakhudza kapuyo. Madzi anali atazizira.