Opaleshoni Imodzi Pachaka

Kwa Mpalale lamulo linali lakuti nyumba iliyonse ilandire opaleshoni imodzi yokha pachaka. Ya chaka chimenecho a Matewere anakabzalitsira tsitsi pa dazi lawo, ndipo akazi awo, Nangondo, sanawaletse.

Tsiku lina Nangondo anagwa kuchigayo kumene ankagwira ntchito chiimirire. Anthu anaitanira namwino ndi a Matewere kuchigayoko. Namwinoyo atawavula masokosi, a Matewere anaona mitsempha yotupa, yopotanapotana ngati mizu, ndi chilonda pakakolo.

"Njira zilipo, bambo," anatero namwino. "Mtsemphawu tikhoza kuutseka ndi jakisoni, kuuwotcha ndi kuwala, kapena kung'amba n'kuuchotsa. Koma nyumba yanu inatenga kale gawo lake."

Anatero akuyang'ana mutu wa a Matewere. Azimayi odzagayitsa nawonso anayang'ana pomwepo.

Atafika kunyumba, a Matewere anafunsa akazi awo maso ali pansi. "Amayi a Tsala, osandiuza bwanji?"

"Ndinkachita manyazi. Inu munabwerera kuunyamata, ine ndikuonetseni miyendo yotereyi? N'chifukwa chake ndinkagona ndi masokosi, n'kumanamizira kuzizira."

A Matewere anatenga lezala kuti amete mpala, koma Nangondo anawagwira dzanja.

"Kumeta sikuchiza mwendo. Namwino wati ndiziukweza pamtsamiro mpaka chaka chithe. Nanga kuchigayo akaime ndani?"

M'mawa mwake a Matewere anakaima pamalo pa akazi awo, azimayi akunong'onezana kumbuyo. Dzuwa lisanafike pamutu, miyendo inali itayamba kale kuphwanya. Mpando unalipo pakona, koma sanayerekeze kuukhalira.